Matenda oumitsa khosi: zimene mphunzitsi ayenera kuona msanga

Mwana akadandaula mutu m'kalasi, thupi litatentha, ambirife timangoti ndi malungo, n'kumuuza kuti apite kwawo akagone. Nthawi zambiri amakhaladi malungo. Koma pali nthenda ina imene imayamba cimodzimodzi, ndipo ingathe kupha mwana pasanathe maola 24. Pa Cipwitikizi amati meningite, ife timati matenda oumitsa khosi.

Ubongo ndi mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa msana zinakutidwa ndi nembanemba zopyapyala, ndipo pakati pake pamayenda madzi. Tizilombo tikalowa m'madzi amenewa, nembanembazo zimatupa n'kuyamba kupanikiza ubongo. Tizilomboti tilipo ta mitundu ingapo. Mavairasi kawirikawiri sadwalitsa koopsa. Oopsa ndi mabakiteriya, makamaka meningococo, pneumococo ndi Hib. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, OMS, limanena kuti mwa anthu 6 odwala mtundu wa mabakiteriyawu mmodzi amamwalira, ndipo mwa anthu 5 ocira mmodzi amatsala ndi cilema.

Mabakiteriyawa amafala kudzera m'malovu, munthu akatsokomola kapena kuyetsemula. Anthu ambiri amakhala nawo kukhosi osadwala n'komwe, koma amapatsira anzawo. N'cifukwa cake kalasi lothithikana, mazenera ali citsekere, komanso nyumba zogonera ana a sukulu, ndi malo ofunika kuwayang'anira. Meningococo akalowa m'thupi, zizindikiro zimaoneka pakapita masiku awiri mpaka 10.

Dzina lathu la Cinyanja ndi labwino, poti kholo lililonse limamva msanga. Komabe lingathe kutisoceretsa. Munthu akamadikira kuti khosi liume kaye, angacedwe, cifukwa si odwala onse amene khosi limauma, ndipo nthawi zina limauma nthenda itakula kale. Yang'anani zinanso: mutu wopweteka kwambiri, kusanza, maso osafuna kuwala, kusokonezeka maganizo, tulo tovuta kudzutsa, kukomoka. Ena amatuluka timadontho tofiirira pakhungu, tosazimirira mukatisindikiza ndi tambula yagalasi. Pa khungu lakuda timadonthoti timavuta kuona, conco onani m'zikhatho, kumapazi ndi m'kati mwa zikope. Kwa makanda, uzani amayi kuti aziona ngati liwombo latupa, mwana akukana bere kapena akulira mosatonthozeka.

Mwana wotere musamutumize kwawo yekha. Itanitsani makolo, ndipo apite kucipatala tsiku lomwelo, ngakhale atayamba kale kumwa mankhwala a malungo. Mankhwala ake enieni ndi jekeseni wopha mabakiteriya, ndipo amathandiza kwambiri akaperekedwa msanga. Kucipatalako angafune kutenga madzi a pamsana kuti adziwe tizilombo timene tamugwira. Makolo ambiri amaopa zimenezi, amati zimapha kapena kupuwalitsa mwana. Manthawa amacokera pa zimene anaona: odwala amene anatengedwa madziwo n'kumwalira. Koma ambiri mwa iwo anafika mocedwa, ndipo cinawapha ndi nthendayo. Mphunzitsi amene angafotokoze zimenezi m'cinenero ca kholo amathandiza kuposa cikwangwani ca Cipwitikizi copacikidwa pakhoma.

Nchito yathu siithera pamenepo. Cilema cofala kwambiri mwa ana ocira ndi kugontha, kwa khutu limodzi kapena onse awiri. Ena amaiwalaiwala, ena amayamba khunyu. Apa aphunzitsi a zinenero ziwiri tisamale. Mwana wocira akabwerera n'kumalephera kuyankha pa phunziro la Cipwitikizi, n'kosavuta kunena kuti cinenero cikumuvuta. Muyeseni m'Cinyanja: muitaneni dzina muli kumbuyo kwake, mbali iyi kenako inayo. Ngati satembenuka, vuto si Cipwitikizi. Mukhazikeni kutsogolo, muzilankhula mutamuyang'ana, ndipo pemphani makolo akamupimitse makutu.

Katemera alipo, waulere. M'Mozambique muno katemera wa pentavalente, amene amateteza ku Hib, anayamba kuperekedwa mu 2009, ndipo wa pneumococo mu 2013. Pentavalente amabayidwa mwana ali ndi miyezi iwiri, itatu ndi inayi. Sateteza ku tizilombo tonse, conco mwana wobayitsa nayenso akaonetsa zizindikiro zija athamangire naye kucipatala. Pa msonkhano wa makolo ukubwerawu, apempheni abwere ndi makhadi a kusikelo a ana awo aang'ono, muone limodzi ngati anamaliza.