AMENE AYESA MVULA M'MIDZI ASAIWALIKE

M'nyengo ya dzinja, nthawi ikakwana 8 koloko m'mawa, alipo anthu m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi amene amayamba apita ku kacitini koyesera mvula asanagwire nchito ina iri yonse. Ena ndi alangizi a zamalimidwe, ena aphunzitsi, enanso alimi wamba. Amatsanulira madziwo m'kagalasi ka mizere, nawerenga mamilimita, nalemba m'buku. Ambiri a iwo salandirapo ngwee.

Kanchito aka kaoneka kocepa, koma taganizani. Milimita imodzi ya mvula ndiye kuti malita 10,000 a madzi agwa pa hekitala imodzi. Dipatimenti ya Zanyengo, imene inakhazikitsidwa mu 1967, iri ndi malo ace oyesera nyengo monga pa Msekera ku Chipata, koma mvula ya pa Msekera si mvula ya ku Vubwi kumalire ndi Malawi ndi Mozambique. Tonse tidziwa kuti mvula ikhoza kukhuthuka tsidya lino la dambo, tsidya linalo fumbi liri koboo.

Masiku ano nkhani za nyengo zifika pa wailesi ndi pa foni, ndipo zambiri zicokera ku makina a setilaiti amene ali kumwamba. Makina ambiri otere saona dontho likugwa pansi iai. Amayesa kuzizira kwa mitambo, ndi kuganizira mvula imene ingagwe. Kuti ziwerengero zace zikhale zoona, akatswiri amazilinganiza ndi zimene anthu alemba pansi pano.

Apa ndipo pagona nkhani ya ndalama. Inshuwaransi ya nyengo imene inalowa m'cilinganizo ca FISP mu 2017 inakhazikika pa mvula yoyesedwa ndi setilaiti. Ngati makina anena kuti kwanu kunagwa mvula pamene cimanga cinafota, mboni yanu ndani? Ndi buku lija la mphunzitsi. Cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anacilengeza pa 29 February kuti ndi ngozi ya dziko lonse, cinaonetsa kufunika kodziwa bwino lomwe masiku amene mvula inadukiza m'dera liri lonse.

Nanga anthu awa tiwacitire ciani? Coyamba, wopereka ziwerengero asagulitsidwe cinthu cace comwe. Bungwe kapena kampani iri yonse yolandira zolemba zace iyenera kumbwezera kwaulere nkhani ya nyengo ya dera lace, m'Cinyanja comveka, nthawi yobzala isanapite. Ndalama za foni zotumizira uthenga zisacoke m'thumba mwace. Kagalasi kakasweka, kena kabwere msanga, pakuti mwezi wosalembedwa subweranso. Ndipo ngati malamulo asintha, amuuziretu, asangoona kuti uthenga waleka kubwera.

Ulemunso ufunika. Ku Britain, George Symons anayamba mu 1860 kusonkhanitsa zolemba za anthu odzipereka otere, ndipo caka ndi caka anali kusindikiza maina ao pamodzi ndi malo ao. Pamene anamwalira mu 1900, malo oyesera mvulawo anali atapitirira 3,000.

Inu amene muli ndi kacitini, kaikeni poyera, kutali ndi mitengo ndi tsindwi la nyumba, ndipo mukachingire kuti mbuzi ndi ana asakagwetse. Tsiku limene mvula siinagwe lembani 0, musasiye mpata. Mukapita ku maliro, uzani wina akawerenge m'malo mwanu.