KAMBA WA PA ULENDO: Nkhani ya Maskauti a m'Makomboni a Lusaka

Masiku akale, pamene galimoto zinali zowerengeka, amuna ambiri ofuna nchito ku migodi ndi ku Lusaka anali kuyenda pansi kucokera ku Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata, mtunda wa makilomita oposa 550. Munthu wotere sanali kungonyamuka. Mkazi wace kapena amace anali kuyamba asinja ufa, nakazinga cimanga ndi nshawa, namangira zonse m'thumba, ndipo cakudya cimeneco cinali kuchedwa kamba. Wapaulendo anali kudziwa kuti kamba wace adzamfikitsa pa mudzi uti, ndi kuti madzi akawapeza pa mtsinje uti. Ambiri a anyamata a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George ndiwo adzukulu a anthu amenewo. Iwo adziwa mabasi onse a mu Lusaka, adziwanso mitengo ya zinthu pa msika wa Soweto, koma oculuka sanagonepo kuthengo ngakhale usiku umodzi, ndipo moto umene anaukolezapo ndi wa pa mbaula wokha. Gulu la maskauti lifuna kubwezera anyamata otere nzeru imene agogo ao anali nayo.

Gulu limeneli analiyamba ndi Robert Baden-Powell, msilikari wa ku England. Mu 1907 iye anatenga anyamata 20 nakagona nao m'mahema pa cisumbu ca Brownsea, ndipo caka cotsatira anatulutsa buku lace lochedwa Scouting for Boys. Zina za nzeru za m'bukumo anazitola mu Africa muno, makamaka m'mapiri a Matopo pafupi ndi Bulawayo pa nkhondo ya 1896, kumene anaphunzira kulondola mapazi ndi kuwerenga zizindikiro za m'thengo. Anamwalira ku Nyeri, m'dziko la Kenya, mu 1941. Pa nthawi ya atsamunda ana a anthu akuda poyamba analembedwa padera pansi pa dzina la Pathfinders. Mu 1952 maskauti a maiko a pakati pa Africa anacita msonkhano waukuru ku Nkana, pa migodi, ndipo mu 1965 bungwe la Zambia Scouts Association linalandiridwa m'bungwe la maskauti la dziko lonse lapansi.

Gulu ligawidwa m'timagulu ta anyamata 6 kufikira 8, ndipo kagulu kali konse kali ndi mtsogoleri wace amene ali mnyamata mnzao. Pa ulendo kagulu kadziphikira kokha. Mkuru wa gulu amene akonza zonse yekha awapulumutsa ku njala ya tsiku limodzi, koma sawaphunzitsa kanthu. Nchito yace ndiyo kuyang'ana ciwerengero cao ndi kufunsa mafunso.

Funso loyamba ndi la kulemera. Mnyamata asasenze katundu woposa gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lace. Motero wa makilo 40 asapitirire makilo 8. M'makilo 8 amenewo muli bulangeti, juzi, mbale, supuni, gawo lace la hema ndi mapoto, ndiponso madzi. Ndipo lita imodzi ya madzi ilemera kilo yathunthu. Malo otsalira cakudya ndi makilo awiri okha, kapena osafika. Apa ndipo paonekera nzeru ya makolo: cimene cilemera m'cakudya ndi madzi ali m'kati mwace. Mbatata, cinangwa caciwisi, kabici ndi tomato ndi zokoma, koma wozisenza asenza madzi. Cakudya ca pa ulendo ndi couma.

Tsono kagulu ka anyamata 6 konyamuka Lacisanu atacoka ku sukulu ndi kubwera Lamulungu madzulo kadya kasanu ndi kamodzi: madzulo kawiri, m'mawa kawiri, masana kawiri. Nsima yokhutitsa mnyamata woyenda ifuna ufa wonga magalamu 200. Nsima ya madzulo awiri, pamodzi ndi yacitatu yosungira tsoka, itenga makilo 3.6. Phala la m'mawa, pa magalamu 80 munthu mmodzi, liwonjeza pafupifupi kilo imodzi. Ufa wonse ukhala makilo anai ndi theka, ndipo ugawidwe m'timatumba ta pulasitiki, kathumba kamodzi pa kudya kumodzi, kuti wophika wa Lacisanu, amene dzanja lace likhala lolemera cifukwa ca njala, asadye ufa wa Loweruka. Nsima yacitatu ija isakhudzidwe konse pokhapokha basi italephera kubwera kapena wina atabvulala ndipo kagulu kagona usiku wina.

Pa ndiwo, mfumu ya pa ulendo ndi kapenta wouma. Sabvunda, salemera, apsa msanga, ndipo theka la kilo likwanira kudya kuwiri. Wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga onse ali bwino; ndipotu wa ku Siavonga ndi mbeu ya ku Tanganyika yomweyo, imene inathiridwa m'nyanja ya Kariba m'zaka za 1967 ndi 1968. Soya wouma wa m'mapaketi acita nchito yomweyo. Mfutso wa cibwabwa kapena wa nyemba, wotendera ndi nsinjiro, ubweretsa masamba popanda kulemera, ndipo amai ambiri a m'komboni audziwa kufutsa kwace. Zimene zinyenga anyamata ndi nyemba. Ndi zouma ndithu, ndiponso zochipa, koma zifuna maora awiri kapena atatu pa moto, ndi nkhuni zambiri, ndi madzi ambiri. Kagulu kofika pa malo dzuwa litapendeka kadzagona ndi njala nyemba zikali gwa. Nyama ndi nsomba zaziwisi zisale kunyumba. Mazira owiritsa adyedwe tsiku loyamba.

Masana si nthawi yokoleza moto, pakuti kuphika nsima, kudya ndi kutsuka kutha maora awiri a kuyenda. Pamenepo ndi pa nshawa zokazinga, cimanga cokazinga ndi mabanzi. Nshawa zipatsa mphamvu yoposa ya ufa wolemera cimodzimodzi ndi theka, ndipo mafuta ophikira aiposa kawiri ndi theka. Cifukwa cace kabotolo ka mafuta ndi kilo imodzi ndi theka ya nshawa siziyenera kusiyidwa. Poonjeza shuga, mcere, masamba a tiyi ndi anyezi, katundu yense wa cakudya afika pafupi ndi makilo 10, ndiye kuti mnyamata ali yense asenza zosafika makilo awiri.

Pali cinthu cina cimene akuru a magulu a m'makomboni acidziwa bwino. Si nyumba zonse zimene zingatulutse ndalama pa tsiku limodzi, ndipo mnyamata wa manyazi angoleka kubwera osanena cifukwa. Kagulu kanzeru sikasonkhetsa ndalama zokha: wina abweretsa ufa, wina mfutso, wina poto wa amace, ndipo zonse zilowa m'thumba limodzi popanda kulengeza za mwini.

Koposa cakudya ndi madzi. Anthu a ku Kanyama safunikira kuuzidwa za kolera. Pansi pa komboni yao pali mwala wa laimu wa ming'alu, ndipo zoipa za m'zimbudzi zitsikira msanga m'zitsime zosazama. Mliri wa 2017 ndi 2018 unagwira kwambiri kumeneko, ndipo wa 2023 ndi 2024 unapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, kufikira kuti bwalo la National Heroes Stadium linasandulika cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Komatu mnyamata yemweyo amene athira klorini m'madzi kunyumba, pofika pa kamtsinje koyera mbee kuthengo aiwala zonse, nagwada namwa. Kuyera kwa madzi si umboni. Ndani adziwa za ng'ombe ndi midzi ya kumtunda? Madzi a matope ayambe asefedwa pa nsaru, kenaka awiritsidwe mpaka agaduke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena athiridwe klorini monga mwa muyeso wolembedwa pa botolo ndi kuyembekeza mphindi 30. Woyenda ndi katundu afuna malita atatu pa tsiku, ndipo m'mwezi wa October afuna oposa. Wina akatsegula m'mimba, mankhwala ace oyamba ali kale m'thumba la cakudya: lita imodzi ya madzi owiritsa, timasupuni 6 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mcere, amwe pang'ono pang'ono pamene anzace akonza zomtengera ku cipatala. Kusamba m'madzi odikha ndiko kuitana likodzo, ndipo m'mtsinje wa Kafue muli ng'ona ndi mvuu.

Nyengo yabwino yoyenda ndi ya cisanu, kuyambira May kufikira August, pamene mvula yatha ndipo kutentha sikunafike. Koma Lusaka ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja ya mcere, ndipo usiku wa June ndi July uzizira koopsa. Cisanu cacikuru cicokera pansi, motero udzu wouma woyala pansi pa mphasa uthandiza monga bulangeti laciwiri. Mbaula ya makala isalowe m'hema ngakhale kuzizire motani, pakuti mpweya wace ulibe pfungo ndipo upha anthu ali m'tulo. Ukonde wa udzudzu upite nao nyengo iri yonse.

Moto ukolezedwe pa malo opalidwa bwino, pa mafuwa atatu, ndi nkhuni zogwa zokha. Macesi asungidwe m'kabotolo kotseka, ndipo akhale kwa anyamata awiri osiyana. Kuyambira August udzu uli ngati mafuta, ndipo kamoto kamodzi kothawa kangathe kutentha nkhokwe za mudzi wonse.

Anyamata osenza katundu ayenda makilomita atatu kapena anai pa ora, ndipo 12 kufikira 15 pa tsiku ndi okwanira. Wofooka koposa onse ayende patsogolo, kuti liwiro likhale lace. M'mwezi wa June dzuwa lilowa 6 koloko isanakwane, motero kagulu kafike pogona pa 4 koloko. Lamya ya m'manja ithandiza, koma moto wace utha, ndipo skauti ayenera kudziwa mbali za dziko popanda iyo. Masana a nyengo ya cisanu dzuwa liima cakumpoto, mthunzi nuloza kumwera. Usiku ayang'ane nyenyezi zinai za Mtanda wa Kumwera: atalikitse mzera wace wautali kanai ndi theka kupyola phazi lace, natsike molunjika kufikira pansi, ndipo kumeneko ndiko kumwera.

Kum'mawa kwa mzinda, ca ku Chongwe, ndi dziko la Asoli a Mfumukazi Nkomeshya, ndipo malo ena ozungulira Lusaka ndi mapulazi a eni ace. Thengo liribe mpanda, koma liri ndi mwini. Mkuru wa gulu ayambe akaonekera kwa nyakwawa kapena mwini pulazi masiku akali patsogolo. Akuru anati safunsa anadya phula. Anthu a pamudzi ndiwo adziwa citsime cosaphwa, malo a manda osayenera kumangapo hema, ndi mwala umene mphiri ikonda kuothera dzuwa. Njoka ikaluma munthu, bala lisacekedwe, lisayamwidwe, ndipo mwendo usamangidwe ndi cingwe. Wolumidwa agone cete, mwendo usagwedezeke, anyamulidwe msanga kunka ku cipatala.

Lamulungu m'mawa, asanacoke, anyamata athira madzi pa phulusa mpaka dzanja likhoza kuligwira, akwirira cimbudzi cimene anakumba mamita 60 kutali ndi madzi, natola mapulasitiki onse kubwerera nao ku tauni. Ndipo kunyumba kwa kholo limodzi, ku Matero kapena ku Chawama, kukhale kuli pepala limene linasiyidwa Lacisanu, lolembedwa maina a onse opita, njira yao, mudzi umene agona, ndi ora limene makolo ayenera kuyamba kufunafuna ngati basi yafika yopanda ana ao.