Makalata Opanda Mwini: Kodi Olemba Ake Afunanji?

Kale kalata inali ndi mwini wake. Munthu wa ku Chileka kapena ku Lirangwe akalandira kalata ya ku positi ankayang'ana chidindo ndi kalembedwe, nadziŵa kumene yachokera. Masiku ano makalata afika pa lamya ya m'manja usana ndi usiku, ena mwa imelo, ena mwa uthenga waufupi, ndipo ambiri mwa iwo mwini wake sadziŵika. Wina ungoti, "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi." Wina ulonjeza ntchito kwa mnyamata amene sanafunsirepo ntchito. Winanso ulibe mawu ena koma moni yekha. Tsono funso limene lizunguza anthu ndi lakuti: kodi wolembayo apindulanji?

Mchitidwewu sunayambe lero. M'chaka cha 1978 Gary Thuerk, wa kampani ya Digital Equipment Corporation ku America, anatumiza kalata imodzi yotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 amene sanaipemphe. Iyeyo ankangofuna malonda. Pambuyo pake kunabuka makalata otchedwa "419", dzina lochokera ku gawo la malamulo a ku Nigeria loletsa kupeza chuma monyenga. Makalata ameneŵa amanena za chuma chambiri chimene chasoŵa woloŵa, napempha woŵerenga kuti ayambe watumiza kandalama kotsegulira njira. Kuno ku Malaŵi khomo linatseguka pamene Airtel Money inayamba mu 2012 ndi Mpamba wa TNM mu 2013, pakuti kuyambira pamenepo ndalama zinayamba kuyenda pa lamya m'kanthaŵi kochepa.

Cholinga choyamba ndicho kuponya khoka. Kutumiza uthenga umodzi kwa anthu zikwizikwi sikudya ndalama zambiri. Pa tsiku la msika ku Lirangwe kapena ku Lunzu sipalephera kukhala munthu amene wagwirizana ndi mnzake kuti atumizirane ndalama ya mbuzi, ya feteleza kapena ya fizi. Uthenga wa "ndalama ija" ukamupeza munthu wotereyu pa nthaŵi yake, iye aganiza kuti wachokera kwa mnzake uja. Anthu 999 angathe kuufufuta, koma mmodzi yekhayo akwanira kubweza zonse zimene kathyaliyo anawononga.

Cholinga chachiŵiri ndicho kusefa. Aphunzitsi kaŵirikaŵiri amadabwa poona Chingerezi chothyokathyoka ndi nkhani zosamveka za m'makalataŵa, nati wolembayo ndi mbuli. Koma m'chaka cha 2012 katswiri wa kampani ya Microsoft, Cormac Herley, anafotokoza kuti kupusa kwa kalatayo kumthandiza mwini wake. Munthu wochenjera aitaya pomwepo, kotero kuti oyankha ndi okhawo osavuta kunyenga, ndipo mbavayo sitaya nthaŵi ndi anthu amene adzaitulukira pakati pa njira.

Cholinga chachitatu ndicho kufufuza ngati pakhomo pali anthu. Uthenga wopanda kanthu, kapena moni wooneka ngati wasokera, ndi odi chabe. Amene wayankha, ngakhale mokalipa, wadziŵitsa wotumizayo kuti nambalayo kapena adiresiyo ili ndi mwini, ndipo zikatero makalata ena atsatira. Palinso lamya za kunja zimene zingolira kamodzi n'kudula. Munthu akaimbanso, mayunitsi ake athera pa nambala yodula. A ku Japan anautcha mchitidwewu "wangiri".

Cholinga chachinayi ndicho kuba chinsinsi. Wolemba adzitcha wa ku banki kapena wa kampani ya lamya, nanena kuti pali cholakwika chimene afuna kukonza, kenaka apempha nambala yachinsinsi. Womaliza sukulu amene akusaka ntchito auzidwa kuti atumize chithunzi cha chiphaso cha unzika pamodzi ndi ndalama ya mafomu. Ndalamayo ipita, ndipo chiphasocho chingathe kugwiritsidwa ntchito ponyengera anthu ena m'dzina la mwini wake wosalakwa.

Boma silinakhale chete. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene liŵerenga mauthenga achinyengo otereŵa kukhala mlandu, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya lamya ilembetsedwe m'kaundula. Komabe akamberembere apeza njira zolembetsera nambala m'maina a anthu ena, ndipo nyuzi zanenapo kangapo kuti ena mwa mauthengaŵa amachokera kwa akaidi a m'ndende ya Zomba.

Pa chifukwa ichi mlonda weniweni ndi mwini lamya. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wolandira uthenga wa ndalama ayambe waimbira mwini ndalamayo pa nambala imene aidziŵa kale. Nambala yachinsinsi asaiulule kwa munthu aliyense, ngakhale wodzitcha bwana wa kampani. Ntchito imene iyamba ndi kulipira aikayikire, ndipo kalata yosadziŵika mwini asaiyankhe. Mphunzitsi amene afotokoza zimenezi m'kalasi ateteza ana pamodzi ndi makolo awo kumudzi, amene ambiri a iwo amadalira anawo kuŵaŵerengera mauthenga a pa lamya.