MUTU 6: BUKU LIMODZI LA ANA SABATA ILIYONSE

Mawu oyamba

Aphunzitsi ambiri timadandaula kuti ana sakonda kuwerenga. Timawalangiza, timawakalipira, mwinanso kuwaopseza ndi mayeso. Koma mwana akadzutsa mkono n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga ndiwerenge buku liti?" ambirife timangoti, "Lililonse limene ulipeze." Yankho lotere limaulula kuti ifeyo mabuku a ana sitiwadziwa. M'mutu uno tikambirana chizolowezi chimodzi chimene chingathandize kuthetsa vutoli, ndicho chakuti mphunzitsi aziwerenga buku limodzi la ana kapena la achinyamata sabata iliyonse.

Zolinga za mutu uno

Pomaliza pa mutu uno mudzatha:
- kufotokoza ubwino woti mphunzitsi aziwerenga mabuku a ana
- kusiyanitsa mitundu ya mabuku a ana ndi a achinyamata
- kukonza ndondomeko yanu yowerengera ya sabata ndi sabata
- kulemba kaundula wa mabuku amene mwawerenga
- kutchula kumene mungapeze mabuku popanda kuwononga ndalama zambiri

6.1 N'chifukwa chiyani mphunzitsi ayenera kuwerenga mabuku a ana?

Chifukwa choyamba n'chakuti ana amene amawerenga nkhani zowasangalatsa amaphunzira chiyankhulo msanga. M'chaka cha 1980, akatswiri awiri a zamaphunziro, Warwick Elley ndi Francis Mangubhai, anachita kafukufuku m'sukulu zapulayimale zakumudzi m'dziko la Fiji, kumene ana amaphunzira Chingerezi ngati chiyankhulo chachiwiri monga m'mene zilili kwathu kuno. Anapereka mabuku a nthano pafupifupi 250 ku kalasi iliyonse imene inasankhidwa, ndipo ana ankawerenga tsiku ndi tsiku kwa mphindi zosapitirira 30. Patatha miyezi isanu ndi itatu, anawo anali atapita patsogolo pa kuwerenga ndi kumva Chingerezi pafupifupi kawiri kuposa m'mene ana amachitira nthawi zonse.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti kusiyana kwa ana pa kuwerenga kumakula chaka ndi chaka. Mu 1986, Keith Stanovich anafotokoza m'mene izi zimachitikira. Mwana wodziwa kuwerenga amasangalala nako, choncho amawerenga kwambiri, amadziwa mawu ambiri, ndipo kuwerenga kumamuphwekera. Mnzake amene amavutika amathawa mabuku, sakumana ndi mawu atsopano, ndipo akafika Sitandade 6 kapena Giredi 6 amalephera ngakhale masamu ndi sayansi chifukwa chosamva funso. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana wotereyu akapatsidwa msanga buku lomuyenera, akhoza kubwerera m'njira.

Chifukwa chachitatu chikukhudza inuyo. Buku loyenera silidzipereka lokha kwa mwana; pafunika munthu wodziwa bukulo komanso wodziwa mwanayo. Vuto la aphunzitsi osadziwa mabuku a ana lilipo ngakhale m'mayiko olemera. Teresa Cremin ndi anzake anafunsa aphunzitsi a pulayimale 1,200 ku England kuti atchule alembi a mabuku a ana, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2008. Dzina limene linatchulidwa kwambiri linali la Roald Dahl, mlembi amene ambiri mwa iwo anamuwerenga ali ana, ndipo oposa theka sanathe kutchula alakatuli a ana opitirira awiri. Ngati mphunzitsi adalira mabuku okhawo amene anawerenga ali mwana, ana ake sadzamva za mabuku ena.

Ntchito 1
Musanapitirire, tengani kope lanu. Lembani mayina a mabuku asanu ndi limodzi a ana amene mwawerenga kuyambira poyamba mpaka pamapeto, osawerengerapo mabuku a m'silabasi. Pambali pa buku lililonse lembani chaka chimene munaliwerenga. Kodi ndi angati amene mwawerenga muli kale mphunzitsi?

6.2 Mitundu ya mabuku oti muziwerenga

Musamangowerenga mtundu umodzi. M'kalasi mwanu muli ana okonda zosiyanasiyana, choncho muzisinthasintha.

(a) Mabuku a zithunzi. Awa ndi a ana a m'makalasi oyambirira. Mawu amakhala ochepa ndipo zithunzi zimanyamula theka la nkhani. Chitsanzo ndi Galimoto, lolembedwa ndi Karen Lynn Williams mu 1990, lonena za mnyamata wa ku Malawi dzina lake Kondi amene akuyendayenda kusaka mawaya oti apangire galimoto yoseweretsa. Mwana aliyense wa m'chigawo chathu chino amadziwa galimoto yamawaya, ndiye nkhaniyi saivutikira.

(b) Nthano za makolo. Sikusinja ndi Gwenembe, lolembedwa ndi John Gwengwe, ndi nthano ya nsanje ya pachibale. Ku Zambia, nthano za Julius Chongo zimene zinkamveka pawailesi m'pologalamu ya Poceza M'madzulo zinasindikizidwanso m'mabuku. Mabuku otere amalumikiza zimene mwana amamva kwa agogo ake ndi zimene amaona papepala.

(c) Nthano zazitali za ana okulirapo. Chike and the River, limene Chinua Achebe anatulutsa mu 1966, ndi la mnyamata amene akufunitsitsa kuwoloka mtsinje wa Niger koma alibe ndalama yolipirira bwato. Journey to Jo'burg, la Beverley Naidoo, linatuluka mu 1985. Naledi ndi mlongo wake Tiro akuchoka kumudzi kupita ku Johannesburg kukaitana amayi awo, amene akugwira ntchito yam'nyumba, chifukwa mwana wamng'ono wadwala. Boma la tsankho la ku South Africa linaliletsa bukuli mpaka mu 1991.

(d) Mabuku a achinyamata. Awa amakamba za chikondi, umphawi, imfa, kusamvana ndi makolo ndi kusankha tsogolo. Nthondo, la Samuel Josia Nthara, limene linapambana mphotho pampikisano wa zolemba za m'ziyankhulo za mu Africa ndipo linasindikizidwa mu 1933, limatsatira moyo wa munthu kuyambira kubadwa kwake. Njala Bwana, la Willie Zingani, nalonso lawerengedwa kwambiri ndi achinyamata a m'sekondale.

(e) Mabuku a nkhani zoona. Ana ena, makamaka amene amati nthano n'zabodza, amakopeka ndi mabuku a nyama, makina, mpira kapena mbiri za anthu. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Atasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu yapulayimale. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, ndipo chithunzi cha pachikuto chake chinamupatsa maganizo opanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mbiri yake, The Boy Who Harnessed the Wind, inatuluka mu 2009, ndipo mu 2015 anatulutsa ina yophwekerapo ya ana.

6.3 Kukonza ndondomeko ya sabata

Mwina mukuti, "Nthawi ndiitenga kuti? Ndili ndi ana oposa 80 m'kalasi, makope oti ndichonge, sikimu, kumunda, kuphatikizapo maphunziro anowa." Zoonadi, ntchito njambiri. Koma tiyeni tiwerengetsere. Buku la zithunzi limatha m'mphindi khumi. Buku la masamba 90 limatha m'masiku asanu ndi limodzi ngati muwerenga masamba 15 patsiku, ndipo masamba 15 a buku la ana satenga nthawi yoposa theka la ola. Chaka chili ndi masabata 52. Ngakhale mutaphonya masabata 12 chifukwa cha mayeso, matenda ndi maliro, mudzakhala mutawerenga mabuku 40.

Nayi ndondomeko imene mungayesere:
- Lolemba: sankhani buku la sabatayo ndipo lionetseni kwa ana kuti adziwe chimene mukuwerenga.
- Lachiwiri mpaka Lachinayi: werengani pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, monga pa buleki kapena dzuwa lisanalowe.
- Lachisanu: uzani ana za bukulo kwa mphindi zisanu. Werengani mokweza ndime imodzi yokoma n'kulekeza pamene nkhani yafika pokoma penipeni. Musaulule mathero.
- Loweruka: malizani ngati simunamalize, lembani m'kaundula, ndipo sakani buku la sabata yamawa.

Ngati buku silikukomerani mutawerenga masamba makumi awiri, lisiyeni, koma lembani chifukwa chake. Mwina likhoza kukomera mwana wina. Ndiponso sabata imene yachuluka ntchito, sankhani buku la zithunzi kuti chizolowezi chisaduke.

6.4 Kaundula wa mabuku

Pezani kope limodzi ndipo buku lililonse lipatseni tsamba lake. Lembanipo izi:
1. Dzina la buku, mlembi, chiyankhulo ndi kumene mwalipeza.
2. Mpangankhani wamkulu, malo ndi nthawi imene nkhaniyo ikuchitikira.
3. Chidule cha nkhani m'ziganizo zitatu.
4. Kalasi imene bukulo lingayenere, ndi mawu ovuta amene ana angapunthwe nawo.
5. Zinthu zofunika kusamala nazo, monga imfa ya kholo, nkhanza, kapena mawu onyoza mtundu wina, amayi kapena anthu olumala.
6. Mayina a ana awiri a m'kalasi mwanu amene bukulo lingawasangalatse.

Mfundo yachisanu ndi yofunika zedi m'chigawo chathu, kumene pafupifupi kalasi iliyonse ili ndi ana amasiye. Nkhani ya imfa ya mayi ikhoza kutonthoza mwana wina n'kuliza mnzake. Mphunzitsi amene analiwerenga kale bukulo amadziwa poyambira, amadziwanso woyenera kucheza naye payekha.

Pomupatsa mwana buku, yesani njira ya zala zisanu. Mwanayo awerenge tsamba limodzi, ndipo apinde chala akapeza mawu amene sakuwadziwa. Zala zonse zisanu zikapindika tsamba lisanathe, bukulo n'lovuta kuti awerenge yekha; mumuwerengere inuyo kapena mumusungire chaka chamawa.

Ntchito 2
Sankhani buku limodzi, liwerengeni sabata ino, ndipo lembani tsamba loyamba la kaundula wanu. Lachisanu auzeni ana za bukulo. Lembani kuchuluka kwa ana amene apempha kulibwereka ndi mafunso amene afunsa. Mudzakambirane ndi anzanu pamsonkhano wa gulu lanu lophunzirira.

6.5 Mabukuwo tiwapeza kuti?

Yambirani pasukulu panu pomwepo. Kawirikawiri mabuku amakhala otsekeredwa m'kabati ya mu ofesi poopa kuti ana awang'amba, chiswe n'kumawadya. Pemphani aphunzitsi aakulu kuti muwaone. Kenaka funsani kumalo okumanirako aphunzitsi a m'zoni mwanu ndi kunthambi ya laibulale ya boma, monga ya National Library Service ku Malawi. Ku Zambia, bungwe la Lubuto linatsegula laibulale yake yoyamba ya ana ndi achinyamata ku Lusaka mu 2007.

Ngati muli ndi foni yolumikizika ku intaneti, pali nkhani zaulere. African Storybook, imene bungwe la Saide la ku Johannesburg linakhazikitsa mu 2014, ili ndi nkhani za zithunzi m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, kuphatikizapo Chichewa ndi Chinyanja, ndipo mumaloledwa kuzisindikiza kapena kuzimasulira. Book Dash, imene inayambanso mu 2014, ndi Nal'ibali, imene inayamba mu 2012, nazonso zimapereka nkhani zaulere.

Pomaliza, gwirizanani. Aphunzitsi anayi aliyense akagula buku limodzi pateremu n'kumasinthana, pakutha pa chaka aliyense amakhala atawerenga mabuku 12. Paja mutu umodzi susenza denga.

Chidule

M'mutu uno taona kuti ana amaphunzira chiyankhulo msanga akamawerenga nkhani zowasangalatsa, ndipo kuti mphunzitsi ndiye amalumikiza mwana ndi buku lomuyenera. Takambirana mitundu isanu ya mabuku, ndondomeko ya sabata, kalembedwe ka kaundula ndi kumene mabuku angapezeke.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani zimene kafukufuku wa ku Fiji anapeza.
2. N'chifukwa chiyani kusiyana kwa ana pa kuwerenga kumakula akamakwera makalasi?
3. Mtsikana wa zaka 13 wakuuzani kuti nthano zimamutopetsa. Mungamupatse buku lamtundu wanji, ndipo n'chifukwa chiyani?
4. Tchulani njira zitatu zopezera mabuku a ana m'dera lanu.