Lole ya asilikali ndi ya mphamvu, koma imadya makutu

Alimi a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amadziwa kuti misewu ikakumbika ndi mvula, si galimoto iliyonse imene imafika pa chigafa. N'chifukwa chake lole zimene zinapuma ntchito ya usilikali, monga Bedford MK ndi MJ zokoka ndi mateyala onse anayi, zimakondedwa ponyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Kanengo. MK inayamba kupangidwa ku Britain mu 1970, ndipo anaipangira nkhondo. Za mtendere wa dalaivala panalibe amene anaziganizira.

Ndinakwera imodzi mwa lole zimenezi kuchokera pa Dzaleka, paja panali ndende ya akaidi a ndale koma kuyambira mu 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwawo. Pofika pa Lumbadzi, ine ndi adalaivala tinali titaleka kucheza chifukwa mawu aliwonse amafuna kukuwa. Injini ya lole zimenezi ili pansi pa mutu, pomwe pakhala dalaivala, ndipo chimene chimakulekanitsani ndi chitsulo chopyapyala basi.

Akatswiri a za umoyo amati phokoso loposa madesibelo 85 kwa maola 8 pa tsiku limaononga makutu, ndipo khutu likafa ndi phokoso silichira. Simufunika makina oyezera. Ngati mukukuwa kuti mnzanu amene mwakhala naye mpando umodzi akumveni, phokosolo lapyola muyezo. Adalaivala aja anandiuza kuti usiku makutu awo amalira ngati nkhululu, ndipo kunyumba amayi amawadandaula kuti amatsegula wailesi mokweza kwambiri. Iwo amaseka. Ine sindinaone choseketsa, pakuti dalaivala wosamva hutala pa msewu wa M1 wanyamula imfa pamodzi ndi fodya wa kalabu yonse.

Mwini lole, mlimi wa m'dera lomwelo, anaikonza nyengo ya fodya itatha, ndipo ndinapita kukaona. Amakaniko anayamba ndi mabowo. Phokoso limalowa pomwe mpweya walowa, ndiye anatseka potulukira ndodo ya giya, mozungulira mapedulo ndi pamene dzimbiri linaboola pansi. Mabowo aakulu anawotcherera, ang'onoang'ono anamata ndi zidutswa za chubu chakale. Anaikanso mphira watsopano m'zitseko, namanga mabawuti onse ogwedera. Apa ndi pamene phokoso linatsika kwambiri, pa ndalama yochepa.

Kenaka anamata mapepala a phula, aja omatira denga lodontha, pa zitsulo zopyapyala za pansi ndi za m'zitseko kuti zileke kulira ngati ng'oma. Pamwamba pake anayala mphira wochindikala. Pa chivundikiro cha injini sanaikepo phula, chifukwa likatentha limasungunuka ndi kununkha.

Apa ndichenjeze alimi anzanga, chifukwa ndikudziwa chimene chili m'maganizo mwanu. Ziguduli tili nazo zambiri m'nyengo yodinda mabelo, koma musaziyale pafupi ndi injini kapena ekizozi. Chiguduli chikamwa dizilo ndi oilo chimangodikira moto. Chimasunganso madzi, ndipo dzimbiri limadya pansi inu osaona.

Musanatseke mabowo onse, onetsetsani kuti ekizozi sikudontha utsi. Mu utsi muli mpweya woipa wosanunkha umene umagonetsa munthu ali pa chiwongolero, ndipo m'mutu wotsekedwa bwino umaunjikana msanga. Zenera lizikhala lotsegula pang'ono.

Lole ija sinasanduke basi ya kochi ayi. Mateyala ake a mano aakulu akulirabe pa tala, ndipo pokwera chitunda ndi giya yoyamba injini imabangula ndithu. Pa maulendo aatali ochokera ku Ntchisi adalaivala amavalabe zotseka m'makutu zogula m'sitolo za zipangizo, pakuti thonje limene ambiri amafwatika m'makutu silitchinga kanthu kwenikweni. Koma tsopano amamva lamba wa fani akayamba kulira, ndipo amaima injini isanatenthe.