Matumba 40 pa Hilux, phindu lithera kugalaji

Nyengo yokolola ikafika, pamsewu wochokera ku Chadiza kulowa mu Chipata muona ma Hilux ogwada kumbuyo. Galimoto yotere inapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, ndiye matumba 20 a chimanga a 50kg, koma ena akweza 40. Manje mavuto ayamba: difu ilira, oilo ichucha mkati mwa wilo, masipiring'i athyoka.

Kumagalaji a ku Kapata, amakanika achotsa wilo, asolola shafiti, asintha beyaring'i ndi silo, n'kuthira oilo watsopano. Shafiti ikapindika, gulani ina. Yowotcherera ingaduke pamsewu, wilo n'kuguluka anthu ali pamwamba pa matumba.

Bwana, maulendo awiri ngotchipa kupambana maliro.