Drum, Magazini Imene Inasunga Mbiri ya Oimba

Pakati pa agogo athu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka alipo amene anapita ku Joni pa Wenela. Ena pobwera ankanyamula galamafoni ndi mbale za nyimbo. Oimba ambiri a m'mbale zotere timawadziwa nkhope ndi mbiri yawo chifukwa cha magazini ya Drum.

Drum inayamba mu 1951 ku Cape Town ndi dzina loti African Drum. Makope oyambirira anadzaza ndi nkhani za miyambo ndi nyimbo za kumudzi, monga momwe azungu ankaganizira kuti ndi zomwe anthu akuda amafuna. Malonda sanayende. Mwini wake, Jim Bailey, anaisamutsira ku Johannesburg, ndipo Anthony Sampson atakhala mkonzi inayamba kulemba za moyo wa m'makomboni monga Sophiatown: nkhonya, milandu, ndale ndi jazi. Apo mpomwe anthu anayamba kuilimbirana.

Nkhani za nyimbo ankalemba ndi Todd Matshikiza, katswiri wa piyano amene anadzapeka nyimbo za sewero la King Kong la mu 1959. Jürgen Schadeberg anajambula Dolly Rathebe, Miriam Makeba ndi Hugh Masekela akadali achinyamata. Kuyambira mu 1955 boma la tsankho linasamutsa anthu a ku Sophiatown n'kugwetsa nyumba zawo. Malo oimbira anatha, koma maina ndi zithunzi zinatsala m'masamba a Drum. Kampani ya Naspers inagula magaziniyi mu 1984, ndipo mu 2020 inasiya kusindikizidwa papepala n'kutsala pa intaneti.

Kuno kwathu ntchito yotere yakhala ikugwiridwa ndi anthu owerengeka. Zambiri za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, akatswiri a kwela, tili nazo chifukwa Gerhard Kubik wa ku Austria anayamba kuwajambula ndi kulemba za iwo mu 1967. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba yake ya Chamare ikusunga mbiri ya miyambo ndi magule a Achewa, Angoni ndi Ayao. Zimene owerenga a m'tauni anazikana m'makope oyambirira a Drum, ku Mua zinapeza owasamala.

Nanga anyamata a bandi ya zigubu pa msika wa Golomoti, kapena amayi otsogolera nyimbo paukwati ku Mtakataka, akuwalemba ndani? Nyimbo ya pafoni imapita ndi foniyo ikagwera m'madzi. Ife ophunzira tili ndi zolembera komanso makamera m'matumba. Tikamajambula woimba, timupemphe chilolezo, kenako tilembe dzina lake, mudzi, tsiku, amene anapeka nyimboyo ndi amene anamuphunzitsa kuimba. Mdzukulu wake akadzafunsa, adzapeza pomuyankhira.